KUPIMA ALUMINIYAMU WOSUNGUNUKA M'MADZI NDI M'ZITSULO

M'nkhani yathu ya sayansi ya lero tikamba za citsulo cimene cimapezeka pafupifupi m'nyumba iriyonse, ndico aluminiyamu. Mapoto ndi maketulo opepuka aja, otuwa ngati siliva, amapangidwa ndi citsulo cimeneci, monganso nthambo zazikulu zonyamula magetsi ndi matupi a ndege. Koma lero sitikamba za aluminiyamu wogwirika ndi manja ai. Tikamba za amene wasungunuka monga momwe mcere umasungunukira m'ndiwo, kotero kuti maso sangamuone. Funso lathu ndi ili: kodi akatswiri amadziwa bwanji kuculuka kwace m'madzi kapena m'kati mwa citsulo cina, ndipo nambala imene amalemba papepala imatanthauzanji?

Pa zinthu zonse zimene zimapanga miyala ndi nthaka ya dziko lapansi, aluminiyamu ndi wacitatu pa kuculuka, pambuyo pa okosijeni ndi silikoni. Pa makilogalamu 100 a miyala, pafupifupi 8 ndi aluminiyamu. Dongo loumbira mbiya liri naye, dothi lofiira la m'munda liri naye, ngakhalenso fumbi la m'njira. Komabe m'madzi a m'mitsinje ndi a m'zitsime amapezeka wocepa ndithu, pakuti amakhala womangika kolimba m'dongomo. Cimene cimammasula ndi asidi. Ukali wa asidi umapimidwa ndi muyeso wochedwa pH, woyambira pa 0 kulekeza pa 14; pa 7 ndi pakati, ndipo nambala ikamatsika ndiye kuti asidi akuculuka. Aluminiyamu sasungunuka kwenikweni pamene pH iri pakati pa 6 ndi 7, koma ikatsika pansi pa 5.5 amayamba kuturuka m'dothi msanga, ndipo ikakwera kupitirira 8 amasungunukanso. Alimi a kumpoto kwa Zambia, kumene mvula yambiri inasiya nthaka ya asidi, amadziwa zotsatira zace: mizu ya cimanga imapinimbira, kufikira atathira laimu m'munda.

Pali njira yaciwiri imene aluminiyamu amalowera m'madzi, ndipo iyi ndi ya dala. Pa malo oyeretsera madzi a m'matauni, kuno kwathu ndi m'maiko ena ambiri, amathira m'madzi a mumtsinje mankhwala ochedwa alamu, amene ndi mcere wa aluminiyamu. Alamu amasonkhanitsa tinthu ta matope kukhala zibuma zofewa zonga thonje, zimene zimamira pansi kapena kukodwa pa mcenga wosefera. Nchito ikayenda bwino, pafupifupi aluminiyamu yense amacoka pamodzi ndi matopewo. Alamu akacurukitsa, kapena pH ikaphonyeka, wina amatsalira nafika ku mpope wa panyumba. Bungwe la World Health Organization likunena kuti malo akuru oyeretsera madzi angathe kutsitsa wotsalirayu kufika pa mamiligalamu 0.1 pa lita imodzi, ndipo malo ang'ono pa mamiligalamu 0.2. Kuti timvetse kucepa kwa muyeso wa 0.2, tiyerekeze madilamu asanu a malita 200 odzala madzi. Aluminiyamu wololedwa m'madilamu onse asanuwo sangalemere kufika pa njere imodzi ya cimanga. Kanthu kotere ndi kamene wopima ayenera kukapeza ndi kukawerengera molondola.

Kodi n'cifukwa ninji anthu amadzivuta cotere? Kwa munthu wa thanzi, aluminiyamu wocepa wa m'cakudya ndi m'madzi sabvuta kwenikweni, pakuti matumbo amatengako wosakwana gawo limodzi mwa 100, ndipo impso zimamturutsa. Koma pali zocitika zimene zinaphunzitsa dziko kuti kupima n'kofunika. Pa 6 July 1988, woyendetsa galimoto ya mankhwala anafika pa malo oyeretsera madzi a Lowermoor, pafupi ndi tauni ya Camelford ku England, napeza palibe munthu wom'landira. Iye anakhutulira matani 20 a alamu m'thanki yolakwika, ya madzi amene anali atatsala pang'ono kupita kwa anthu pafupifupi 20,000. Madziwo anasanduka a asidi, nayamba kudya mapaipi a mkuwa a m'nyumba. Muyeso waukuru koposa umene unalembedwa unali mamiligalamu 620 pa lita, ndiko kuti kuposa wololedwa nthawi 3,000. Anthu anadandaula za zilonda za m'kamwa, kutsegula m'mimba ndi kuyabwa kwa khungu, koma panapita masabata awiri asanauzidwe coona. Boma la Britain linapepesa m'caka ca 2013.

Odwala impso ali pa ngozi yoposa. Amene magazi ao amatsukidwa ndi makina a dialysis amakumana ndi malita oposa 100 a madzi pa ulendo umodzi, katatu pa sabata, ndipo pakati pa madziwo ndi magazi pamangokhala kansalu kopyapyala. M'caka ca 1976 dotolo Allen Alfrey ndi anzace a ku Denver, ku America, anapeza aluminiyamu wocuruka m'bongo wa odwala otere amene anafa atasokonezeka malankhulidwe ndi nzeru. Lero madzi a dialysis saloledwa kupitirira mamiligalamu 0.01 pa lita, muyeso wocepa nthawi 20 poyerekeza ndi wa madzi akumwa.

Tsono tiyeni titsatane ndi wopima pa nchito yace. Cinthu coyamba sicicitikira m'labotale, koma pa gwero la madzi pomwepo, ndipo ndico kulekanitsa wosungunuka ndi wosasungunuka. Madzi a mumtsinje wa Kafue m'dzinja amanyamula dongo losalala, ndipo taona kale kuti dongo lonse liri ndi aluminiyamu. Munthu akatunga madzi otere nawathira asidi, asidiyo amadya dongolo, ndipo muyeso umaturuka waukuru woopsa, cikhalirenico aluminiyamu wambiriyo anali wogona m'matope. Cifukwa cace akatswiri anagwirizana kuti madzi aziyamba apyola pa sefa ya mabowo a mamaikulomita 0.45, mabowo ocepa nthawi zoposa 100 poyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi la munthu. Wopyola pa sefayo ndiye amachedwa wosungunuka. Wopimidwa m'madzi osasefa, atawiritsidwa ndi asidi, amachedwa aluminiyamu yense. Tizindikire kuti malire amenewa ndi pangano la anthu cabe, pakuti tinthu tina ta dongo ndi tating'ono kuposa mabowo a sefa, ndipo timapyola. Nambala ziwirizi zingasiyane kutali m'madzi amodzimodzi, ndipo zonse ziwiri zingakhale zoona.

Dongosolo la nchito liri ndi kanthu. Kusefa kumayamba, asidi amabwera pambuyo. Atasefa, wopima amadonthezera asidi woyera wa nitric kufikira pH itatsika pansi pa 2, kuti aluminiyamu asakakamire m'mbali mwa botolo kapena kugwa pansi pa ulendo wa ku labotale. Botolo liyenera kukhala la pulasitiki, lonyikidwa m'asidi ndi kutsukuluzidwa ndi madzi oyeretsedwa kotheratu, pakuti galasi lambiri liri ndi aluminiyamu m'kati mwace, ndipo asidi amam'kokera m'madzi. Mdani wamkuru ndi fumbi. Kafumbi kamodzi kogwera m'botolo kangawonjeze aluminiyamu woposa amene anali m'madzimo. Pofuna kudzichinjiriza, wopima amatenga botolo lina la madzi opanda kanthu, nalicita zonse zimene wacita ndi enawo: kusefa, kuthira asidi, kunyamula, kupima. Botolo lopanda kanthuli likaonetsa aluminiyamu, iye amadziwa kuti dothi lalowera m'manja mwace kapena m'ziwiya zace, ndipo miyeso ya tsikulo siyenera kukhulupiridwa.

Pofika m'labotale pali njira zingapo, ndipo iriyonse iri ndi polekezera pace. Yakale koposa ndi ya sikelo. Amathira amoniya m'madzi, aluminiyamu nagwa pansi monga phala loyera. Phalalo amalisefa, naliocha m'ng'anjo kufikira litasanduka ufa wochedwa alumina, naliika pa sikelo. Pa magalamu 100 a alumina, pafupifupi 53 ndi aluminiyamu. Njira iyi ndi yabwino pa miyala ndi pa zitsulo zokhala ndi aluminiyamu wambiri, koma pa madzi akumwa siithandiza, pakuti palibe cokwanira kuika pa sikelo.

Yaciwiri ndi ya utoto, ndipo ndiyo imagwiritsidwa nchito tsiku ndi tsiku pa malo ambiri oyeretsera madzi cifukwa siidya ndarama zambiri. Pali mankhwala amene akakumana ndi aluminiyamu amasintha maonekedwe. Amodzi mwa iwo ndi aluminon, amene Hammett ndi Sottery anawalongosola m'caka ca 1925. Ena ndi Eriochrome cyanine R, amene amapatsa madzi kufiira pamene pH iri pa 6, ndi pyrocatechol violet, amene amawapatsa kubiriwira. Aluminiyamu akacuruka, utoto umakula. Wopima amakonza mabotolo a miyeso yodziwika kale, monga 0.05, 0.1, 0.2 ndi 0.3, nawathira mankhwala omwewo. Kenaka makina amapyoza kuwala m'botolo lirilonse ndi kuwerenga kuwala kumene utoto wameza. Pofanizira botolo losadziwika ndi odziwikawo, muyeso umapezeka. Komabe njira iyi iri ndi anamizi awiri. Woyamba ndi ayironi, citsulo ca makasu cija, cimene cimasungunukanso m'madzi a m'zitsime zambiri. Naco cimagwirana ndi utoto, ndipo muyeso umakwera mwabodza. Mankhwala ace ndi vitamini C, amene amasintha ayironi kuti asagwirane ndi utotowo. Waciwiri ndi fluoride, amene amakumbatira aluminiyamu kolimba kotero kuti utoto sum'fikira, ndipo muyeso umatsika mwabodza. Bodza laciwirili ndi loopsa koposa, pakuti limauza anthu kuti madzi ali bwino pamene sali bwino. Wopima wanzeru amayamba wadziwa fluoride wa m'madzi ace, nathira wofanana naye m'mabotolo odziwika aja.

Yacitatu ndi ya moto. M'caka ca 1955 Alan Walsh wa ku Australia anasonyeza njira yopimira zitsulo potsata mfundo yakuti maatomu a citsulo ciriconse, akamasulidwa m'lawi, amameza kuwala kwa mtundu wao wokha. Madzi amapoperedwa m'lawi ngati nkhungu, nyali yapadera imawalitsa kupyola lawilo, ndipo kuwala kosowa kutsidya ndiko kumaulula kucuruka kwa citsulo. Njirayi inayenda bwino pa mkuwa ndi zinki, koma aluminiyamu anakana. Cifukwa cace n'cakuti iye amakonda okosijeni kopambana, ndipo m'lawi la mpweya wamba ndi gasi wa acetylene, lotentha madigiri pafupifupi 2,300, amangosanduka alumina wosaphwanyika. Pakati pa zaka za m'ma 1960, John Willis ndi Max Amos, a ku Australia komweko, anasonyeza kuti lawi la acetylene ndi nitrous oxide, lofika pafupi ndi madigiri 3,000, limam'masula. Ngakhale conco, lawi siliona bwino miyeso yocepa ngati ya madzi akumwa. Apa pamathandiza nzeru ya Boris L'vov wa ku Russia, amene ca m'ma 1959 anaika kadontho kamodzi m'kapaipi ka graphite, mwala wakuda wa m'pensulo uja, nakatenthetsa ndi magetsi. Kadonthoko kamauma, zinyalala zimapsa, ndipo pomaliza maatomu onse amauluka nthawi imodzi m'kamalo kothina. Kang'anjo kotere kamazindikira aluminiyamu wocepa kufika pa mamiligalamu 0.001 pa lita, ndipo ndi njira imeneyi zipatala zinayamba kupima magazi a odwala impso.

Yacinai ndi ya plasma, ndiko kuti gasi wa argon wotenthetsedwa ndi magetsi kupitirira madigiri 6,000, kuposa kutentha kwa pamwamba pa dzuwa. Stanley Greenfield ku England ndi Velmer Fassel ku America anayamba kuigwiritsa nchito m'zaka za 1964 ndi 1965. M'moto wotere palibe alumina kapena fluoride amene angabise aluminiyamu. Maatomu amawala okha, mtundu uliwonse ndi kuwala kwace, motero zitsulo makumi angapo zimapimidwa nthawi imodzi. Kuyambira m'caka ca 1980 plasma inalumikizidwanso ndi makina owerenga maatomu potsata kulemera kwao, ndipo aluminiyamu amapezeka pa nambala 27. Makina amenewa ndi akuthwa kotero kuti malire a kupima sakhalanso m'makinamo, koma m'ukhondo wa botolo ndi wa cipinda.

Komabe moto uli ndi cirema cimodzi: umaphwanya zonse, ndipo sunena kuti aluminiyamu anali m'maonekedwe otani. Nkhani ya nsomba ikutiphunzitsa kufunika kwa zimenezi. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, utsi wa m'mafakitale a ku Ulaya unabweretsa mvula ya asidi ku Norway, Sweden ndi Scotland, ndipo nsomba zinatha m'nyanja ndi m'mitsinje yambiri. Ofufuza anapeza kuti asidi anamasula aluminiyamu m'nthaka, ndipo iye anakamatirira pa ziwalo zopumira za nsomba. Cozizwitsa cinali cakuti m'madzi oderako a m'madambo, okhala ndi msuzi wa masamba oola, nsomba zinkapirira muyeso umene unazipha m'madzi oyera mbee. Msuzi wa masambawo umamanga aluminiyamu kuti asaluse. M'caka ca 1984 Charles Driscoll wa ku America anafalitsa njira yolekanitsira mitundu iwiriyi: madzi amapyola m'kapaipi kodzala timikanda togwira aluminiyamu womasuka, ndipo womangidwa uja amadutsa. Kusiyana kwa muyeso wa madzi olowa ndi wa oturuka ndiko kumaonetsa gawo lakupha nsomba.

Tiyeni tsopano tisiye madzi, tilowe m'fakitale ya zitsulo, kumene funso lomwelo likutidikira. Citsulo colimba cochedwa steel cikasungunulidwa m'ng'anjo cimakhala ndi okosijeni, amene pozizira amasiya timabowo. Osula amaponyamo aluminiyamu pang'ono kuti ameze okosijeniyo. Gawo limene lameza okosijeni limasanduka tinjere tolimba ta alumina; tambiri timayandama ndi kucotsedwa, koma totsalira timafooketsa citsulo ndi kutseka mphuno yothirira. Gawo lotsala limasungunuka m'citsulo momwemo, ndipo ndilo lothandiza, pakuti limacititsa kuti citsulo cikhale ca njere zazing'ono, cosathyoka msanga. Malamulo ena a ku America a zitsulo zomangira amafuna kuti aluminiyamu yense asacepere magawo 0.020 pa 100, kapena wosungunuka asacepere 0.015. Wopima amaboola citsulo, natenga zipalapala zace, naziika pa sikelo, nazisungunula m'asidi. Aluminiyamu wa m'citsulo amalowa m'asidimo, koma alumina amakana, natsalira pa sefa. Za m'asidi zimapereka wosungunuka. Zotsalira pa sefa amazisungunula pa moto pamodzi ndi mcere wapadera, nazipima pazokha. Bvuto ndi lakuti pa atomu imodzi ya aluminiyamu pali maatomu a ayironi oposa 1,000. Njira imodzi yowalekanitsa ndi kuthira soda wa caustic, amene amagwetsa ayironi monga matope ofiira, koma aluminiyamu nakhalabe m'madzi.

Nchito yonseyi imatenga maola, ndipo citsulo ca m'ng'anjo sicidikira. Cotero m'fakitale amatapa citsulo camadzi pang'ono, naciziziritsa, nacipala kuti cisalale, naciombetsa ndi mphenzi zazing'ono za magetsi mazanamazana pa sekondi. Kuwala kwa mphenzizo kumapereka muyeso m'mphindi imodzi kapena ziwiri. Makina amakono amayang'ana mphenzi iriyonse payokha: imene yagunda kanjere ka alumina imawala mopitirira, ndipo pakupatula zoterozo amayerekeza gawo losungunuka. Komabe makinawa amaongoledwa ndi zidutswa za citsulo zimene zinapimidwa kale mosamala ndi njira ya asidi ija.

Malata a pa denga lathu nawonso ali m'nkhaniyi. Amakutidwa ndi zinki pakuwapyoza m'mphika wa zinki wosungunuka pa madigiri pafupifupi 460, ndipo mumphikamo amaikamo aluminiyamu wokwana pafupifupi magawo 0.2 pa 100. Iye amapanga kakhungu kopyapyala pakati pa citsulo ndi zinki, koletsa kuti zinkiyo asasanduke wokhanyuka ndi kusupuka pamene lata lipindidwa. Koma aluminiyamu wina amagwirana ndi ayironi mumphikamo, napanga zinyalala zoyandama zimene sizigwira nchito. Wotapa akatapira pamodzi ndi zinyalalazo, muyeso umaonetsa kuti aluminiyamu ndi wokwanira pamene wosungunuka wacepa. Zinyalala za mumphika wa zinki zimanamiza wopima monga momwe dongo la mumtsinje limacitira.

Pomaliza, omvera athu, ena mwa inu ndi aphunzitsi, ena ndi a zaumoyo, ena ali m'makomiti oyang'anira madzi m'midzi ndi m'makomboni, ndipo tsiku lina pepala la zotsatira za ku labotale lidzafika m'manja mwanu. Musathamangire pa nambala yokha. Funsani ngati madziwo anasefedwa asanathiridwe asidi, kuti mudziwe ngati nambalayo ikunena za wosungunuka kapena za yense. Funsani njira imene inagwiritsidwa nchito ndi pamene imalekezera kuona, pakuti mau akuti "sanapezeke" amangotanthauza kuti anali wocepa kuposa pamene njirayo ifika. Yankho lokwanira pa madzi a pampope lingakhale losakwanira pa madzi a odwala impso. Funsaninso za botolo lopanda kanthu lija ndi za pH ya madzi pa tsiku lotunga. Wopima wodziwa nchito yace sakwiya nao mafunso otere, pakuti mayankho ace ali kale m'buku lace.

Nkhani yathu ya lero yathera pamenepa.